TSIKU LA WOYENDERA SUKULU: Mbiri ya Malipiro a Mayeso m'Sukulu za ku England

Mphunzitsi aliyense wokhwima pa ntchito adziwa kuti mwana saphunzira zokhazo zimene zalembedwa pa bolodi. Mwana amaphunziranso kayendedwe ka mphunzitsi wake, mawu ake pamene wakwiya, ndi nkhope imene amaonetsa mkulu wa sukulu akalowa m'chipinda. Makolo athu anati, "Make mbuu, mwana mbuu." Komatu mphunzitsi naye ali ndi akuluakulu amene amamulera pa ntchito yake, ndiwo mkulu wa sukulu, eni ake a sukulu, woyendera masukulu, ndi Boma. Mmene iwo akhalira naye, momwemonso iye amakhala ndi ana.

M'nkhani ino tifuna kuona chimenechi m'mbiri ya sukulu za ana a anthu osauka ku England, kuyambira chaka cha 1862 kufikira 1897. Tasankha zaka zimenezi chifukwa m'menemo lamulo limodzi la ndalama linasintha mtima wa aphunzitsi a dziko lonse, ndipo mtima wa aphunzitsi unasintha maphunziro a ana. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzazindikira zinthu zina m'nkhaniyi, pakuti ngakhale dzina lakuti Sitandade, limene timaitanira makalasi athu, linachokera m'lamulo lomwelo.

Chiyambi cha oyendera masukulu

Poyamba Boma la Angerezi silinali ndi sukulu zake. Ana a anthu osauka ankaphunzira m'sukulu za mipingo ndi za mabungwe achifundo, monganso zinachitikira kwathu kuno m'masiku a mishoni. M'chaka cha 1833 Nyumba ya Malamulo inapereka mapaundi 20,000 othandizira kumanga sukulu, ndipo ichi ndicho chinali chithandizo choyamba. Mu 1839 Boma linakhazikitsa komiti yoyang'anira ndalamazo, ndipo mlembi wake anali James Kay, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Kay-Shuttleworth. Pamenepo mpamene oyendera masukulu oyamba anasankhidwa.

Kay-Shuttleworth anali sing'anga amene anaona umphawi wa mzinda wa Manchester ndi maso ake, ndipo ankakhulupirira kuti sukulu ikhala yabwino ngati mphunzitsi ali wabwino. Chifukwa chake m'malangizo a 1840 anauza oyendera masukulu kuti ntchito yao ndiyo kuthandiza ndi kulimbikitsa, osati kulamulira. Mu 1846 anayambitsa njira yophunzitsira aphunzitsi. Mnyamata kapena mtsikana wanzeru wa zaka 13 ankakhala zaka zisanu pansi pa mphunzitsi wamkulu, kuphunzitsa ana masana ndi kuphunzitsidwa iye mwini nthawi yapadera. Opambana ankapita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo amene analandira setifiketi Boma linkamuwonjezera ndalama pa malipiro ake, zopita m'manja mwake mwenimweni. Motero mphunzitsi anayamba kudziyesa munthu wa ulemu, wantchito wa dziko.

Koma zinthu sizinali zokoma zokhazokha. Ndalama za maphunziro zinkakwera chaka ndi chaka, ndipo nkhondo ya ku Crimea inali itadya chuma chambiri cha Boma. Mu 1858 anasankha bungwe lofufuza za maphunziro, lotsogozedwa ndi Duke of Newcastle. Lipoti lake la 1861 linadandaula kuti aphunzitsi ambiri ankasamala ana akuluakulu anzeru, amene ankakondweretsa woyendera ndi mayankho ao, nasiya ana aang'ono m'manja mwa anyamata ophunzira uphunzitsi. Ana ambiri ankasiya sukulu ali ndi zaka 10 kapena 11, asanadziwe bwino kuwerenga. Dandaulo limeneli linali ndi choonadi chake, ndipo tisaliiwale poweruza zimene zinatsatira.

Lamulo la 1862

Munthu amene anapatsidwa ntchito yokonza zinthu anali Robert Lowe, nduna yoyang'anira maphunziro, wothandizidwa ndi mlembi Ralph Lingen. Lowe anali munthu wanzeru zakuthwa, wosakhulupirira chinthu chosawerengeka. Anauza Nyumba ya Malamulo kuti sangalonjeze kuti njira yake idzakhala yotsika mtengo ndi yaphindu pamodzi, koma idzakhala chimodzi mwa ziwirizi: ikapanda kutsika mtengo idzapindula, ikapanda kupindula idzatsika mtengo. Lamulo lake analitcha Revised Code, ndipo anthu anatcha njirayo payment by results, ndiko kunena kuti malipiro alingane ndi zotsatira za mayeso.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Sukulu inkalandira masheleni 4 pa chaka pa mwana aliyense, potsata chiwerengero cha ana obwera tsiku ndi tsiku. Pamwamba pake inkalandira masheleni 8 pa mwana aliyense wopitirira zaka 6 amene anafika ku sukulu nthawi 200 pa chaka, mmawa ndi masana kuwerengedwa padera, ngati wakhoza mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera. Mwana akalephera phunziro limodzi, sukulu inkataya masheleni 2 ndi makobiri 8. Ana anagawidwa m'magulu asanu ndi limodzi otchedwa Standard, ndipo mwana sankaloledwa kuyesedwa kawiri m'gulu limodzi. Mu Sitandade 1 mwana ankawerenga mawu aafupi, kulemba zilembo pa sileti, ndi kuphatikiza manambala aang'ono. Mu Sitandade 6 ankawerenga ndime ya m'nyuzipepala kapena ya m'buku la nkhani. Mphunzitsi wamkulu analamulidwanso kusunga buku lolembamo zochitika za pa sukulu, limene ife timalidziwa ndi dzina lakuti logibuku.

Chinthu china chinasintha, chooneka chaching'ono koma cholemera. Ndalama zija zimene Boma linkapereka m'manja mwa mphunzitsi zinatha. Tsopano ndalama zonse zinkapita kwa eni sukulu, kawirikawiri mbusa wa mpingo ndi anthu olemera a m'mudzimo, ndipo iwo ndiwo ankapangana ndi mphunzitsi za malipiro ake. Ambiri anapangana naye kuti gawo lina la malipiro ake lidzachokera m'ndalama za mayeso. Chotero chakudya cha banja la mphunzitsi chinamangirizidwa ku zimene kamwana ka zaka 7 kadzalemba pa sileti tsiku limodzi pa chaka.

Pa lonjezo la kutsika mtengo Lowe sananame. Ndalama za Boma zothandizira sukulu, zimene mu 1861 zinali zopitirira mapaundi 800,000, pofika 1865 zinali zosakwana mapaundi 640,000. Chiwerengero cha achinyamata ophunzira uphunzitsi chinatsika, ndipo makoleji anasowa ophunzira.

Mmene akuluakulu anasinthikira

Woyamba kusinthika anali woyendera. Kale ankakhala m'sukulu kumvetsera phunziro, kucheza ndi mphunzitsi ndi kumulangiza. Tsopano ankafika ndi pepala la maina, nayesa ana mmodzimmodzi, kulemba chizindikiro pa dzina liri lonse, kenaka nkuthamangira ku sukulu ina. Nthawi yolangiza inasowa. Mphunzitsi analeka kumuona ngati mnzake wamkulu pa ntchito, nayamba kumuona ngati woweruza mlandu. Zolephera zake, zimene kale akadaulula kuti athandizidwe, tsopano anayamba kuzibisa.

Eni sukulu anasinthika nawonso. Posankha mphunzitsi funso lao lalikulu linali lakuti: kodi mwa ana 100 amakhozetsa angati? Mphunzitsi amene ana ake analephera ambiri ankatha kuchotsedwa ntchito, ngakhale kuti chakacho chikuku chinagwa m'mudzi kapena ana anajomba chifukwa cha zokolola.

Munthu amene akukhala ndi mantha otere amaphunzira kuchenjera. Aphunzitsi anasiya mbiri ya dziko, za malo ndi za chilengedwe, popeza zimenezi sizinkabweretsa ndalama. Anaphunzira khalidwe la woyendera wao, mafunso amene amakonda ndi mayankho amene amamukondweretsa. Mafunso a masamu amene anafunsidwa pa sukulu ina ankakopedwa ndi kutumizidwa kwa anzao a sukulu yotsatira. Ena anawonjezera zizindikiro m'kaundula kuti mwana wojomba akwanitse nthawi 200 zija, ndipo ogwidwa ankalandidwa setifiketi. Oyendera ena anasimba kuti anapeza ana odwala, ena a matenda opatsirana, atabweretsedwa m'chipinda cha mayeso kuti ndalama zao zisataike.

Tisafulumire kuwanyoza aphunzitsi amenewa. Ambiri anali anthu oona mtima ndi opemphera, ochokera m'mabanja osauka, osamala ana 60 kapena oposerapo m'chipinda chimodzi. Sanasanduke oipa usiku umodzi. Anangozindikira chimene akuluakulu ao ankachiyamikira, nachita chomwecho.

Mmene ana anasinthikira

Tsono tione chimene chinafika kwa mwana. Woyendera ankayesa kuwerenga ndi buku lomwelo limene ana ankagwiritsa ntchito chaka chonse. Chifukwa chake mphunzitsi ankabwereza buku limodzilo mwezi ndi mwezi, kufikira ana ataliloweza pamtima. Mwana ankatha kutchula mawu onse a pa tsamba osaphonya, koma ukamufunsa tanthauzo lake ankangoyang'ana pansi. Matthew Arnold, mlakatuli wotchuka amene anagwira ntchito yoyendera masukulu kuyambira 1851 kufikira 1886, anatsutsa lamuloli kuyambira pachiyambi. M'malipoti ake a 1867 ndi 1869 anadandaula kuti moyo wachoka m'sukulu, kuti kuphunzitsa kwasanduka ngati kuzunguza makina, ndi kuti nkotheka kukhozetsa mwana mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu iye osadziwa kwenikweni zinthu zitatuzi. Anachenjezanso kuti mayeso asanduka mpikisano wa kuchenjerana, ndipo aphunzitsi adzanka napambana oyendera pa mpikisanowo.

Mwana wanzeru anapwetekedwa mwa njira yake. Popeza ndalama zinkabwera pa sitandade imodzi pa chaka, panalibe phindu kumupititsa patsogolo msanga. Ankatha ntchito ya chaka m'miyezi yochepa, nakhala miyezi yotsalayo kubwereza zimene adziwa kale. Mwana wochedwa kumva ndiye ankaona zowawa zenizeni, pakuti kulephera kwake kunali kutaika kwa masheleni. Ankatsalira ena ataweruka, ankapatsidwa ntchito ya kunyumba kumene kunalibe nyali, ndipo chikoti sichinkamutalikira. Funso la mwana, limene kwa mphunzitsi wabwino liri ngati mvula yoyamba, linasanduka chotayitsa nthawi. Kulakwitsa, kumene kuli khomo lolowera nzeru, kunasanduka mlandu.

Flora Thompson, amene anabadwa mu 1876 nakulira m'kamudzi ka ku Oxfordshire, anasimba za tsiku la woyendera m'buku lake lotchedwa Lark Rise, lotuluka mu 1939. Iye akumbukira ana atavala zoyera, akudikira mwa mantha pamodzi ndi mphunzitsi wao, ndi kuti liwu lokha la mlendoyo linkabalalitsa nzeru zao, kotero kuti ngakhale odziwa ankalephera kusonkhanitsa maganizo ndi kuletsa manja kunjenjemera. Ana amenewa sanawerengepo lamulo la Lowe. Mantha anawaona pa nkhope ya mphunzitsi wao.

Chimene tiyenera kuchisamala kwambiri ndi ichi: kumene mphunzitsi ankachita chinyengo, ana ankaona. Mwana amene wauzidwa mayankho mayeso asanafike, kapena waona kaundula akukonzedwa, waphunzira phunziro losalembedwa pa ndandanda ya nthawi, lakuti chofunika ndicho kuoneka wodziwa pamaso pa wamkulu. Woyendera ankaopa ofesi ya ku London, eni sukulu ankaopa kutaya ndalama, mphunzitsi ankaopa onsewa, ndipo katundu yense ankatsikira pa mutu wa mwana, amene analibe wina womutulira.

Sitikana kuti lamuloli linachita zabwino zina. Linakakamiza aphunzitsi kusamala ana aang'ono amene kale ankaiwalika, ndipo linawachititsa kulondola ana ojomba. Koma mtengo wake unali waukulu.

Kutha kwa lamulo ndi kutsala kwa mwambo

Boma linayesa kukonza zolakwika pang'onopang'ono. Mu 1867 linayamba kulipira maphunziro ena owonjezera, ndipo mu 1875 linawonjezanso ena, monga galamala, za malo ndi mbiri. Koma popeza nawonso ankayesedwa chifukwa cha ndalama, ana ankangoloweza maina a mitsinje ndi a mafumu monga ankalowezera buku lija. Lamulo la 1870 linabweretsa sukulu za mabodi a boma kumene sukulu za mipingo zinali zosakwanira, ndipo chaka chomwecho aphunzitsi anapanga mgwirizano wao, National Union of Elementary Teachers, umene unalimbana ndi malipiro a mayeso zaka zambiri. Mu 1880 makolo anakakamizidwa kutumiza ana ku sukulu, ndipo ana osaukitsitsa anadzaza makalasi. Mu 1884 sing'anga James Crichton-Browne anayendera sukulu za mu London, nasimba za ana odwala mutu ndi osagona tulo chifukwa cha kupanikizidwa, ena obwera osadya kanthu mmawa. Akuluakulu a maphunziro anatsutsa lipoti lake, koma anthu anali atayamba kufunsa mafunso. Bungwe lina lofufuza, lotsogozedwa ndi Lord Cross, linapereka lipoti mu 1888. Kuyambira 1890 njirayo inayamba kuphwasulidwa, ndipo pofika 1897 inali itatha. Mu 1905 Boma linatulutsa buku la malangizo lolimbikitsa mphunzitsi aliyense kudziganizira yekha ndi kupeza njira zoyenera ana ake.

Munthu angayese kuti pamenepo sukulu zinasanduka tsiku lomwelo, komatu madzi saiwala khwawa. Aphunzitsi akuluakulu a nthawiyo anakulira m'njira yakale, poyamba ngati ana, kenaka ngati ophunzira uphunzitsi kuyambira zaka 13, ndipo sankadziwa njira ina. Ufulu utafika, ambiri anapitiriza kulowezetsa ndi kuyesa ana monga kale, naphunzitsa achinyamata a pansi pao kuchita chimodzimodzi. Lamulo linafafanizidwa ndi cholembera, koma mwambo unali utalowa m'mafupa a anthu.

Amene anafotokoza bwino chimenechi ndi Edmond Holmes. Iye analowa ntchito yoyendera masukulu mu 1875, nakhala mkulu wa oyendera sukulu za ana kuyambira 1905 kufikira 1910. Atapuma analemba buku lotchedwa What Is and What Might Be, lotuluka mu 1911, mmene anatsutsa njira imene iye mwini anaitumikira zaka zambiri. Mfundo yake inali yakuti mphunzitsi wolandidwa ufulu ndi akuluakulu ake sangathe kukwaniritsa malamulo ao popanda kulanda ufulu wa ana. Ndi kuti Boma, litamanga aphunzitsi zaka zoposa 30, silikanayenera kudabwa poona kuti akulephera kuyenda litawamasula.

Sukulu ya ku Sompting

Chimene chinatsegula maso a Holmes chinali sukulu yaing'ono ya m'mudzi wa Sompting, m'chigawo cha Sussex. Mphunzitsi wamkulu wake kuyambira 1897 kufikira 1910 anali mayi Harriet Finlay-Johnson. Ana ake anali a alimi ndi antchito wamba, osasiyana ndi ana a sukulu zina. Koma iwo ankayenda m'thengo kuphunzira zomera ndi mbalame, ankalima dimba, ndipo mbiri ankaiphunzira poisewera, atafufuza okha m'mabuku ndi kukonza okha zovala ndi mawu a sewerolo. Ana aakulu ankathandiza aang'ono, ndipo ntchito sinkaima mphunzitsi akatuluka m'chipinda.

Zindikirani kuti lamulo la Boma ku Sompting linali lomwelo la sukulu zina zonse za nthawiyo. Chosiyana chinali munthu wamkulu amene sankaopa, amene ankakonda kuphunzira iye mwini, ndi amene ankakhulupirira ana. Zindikiraninso kuti mkulu wa oyendera anabwera nakhala pansi kuphunzira kwa mphunzitsi wa kumudzi. Pamenepo ntchito yoyendera inabwerera pa chimene Kay-Shuttleworth anafuna mu 1840.

Phunziro kwa ife

Masitandade, logibuku ndi woyendera zinafika m'dziko lathu ndi sukulu za mishoni ndi za Boma la Angerezi. Funso lakuti woyendera akhale woweruza kapena wothandiza linafikanso. Sukulu ya Jeanes, imene inatsegulidwa ku Domasi mu 1929, inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi kuti akakhale ndi mphunzitsi mnzao, kumuonetsa njira ndi kumulimbitsa mtima. Anthu ena anaidandaula kuti inkalemekeza ntchito za manja koposa maphunziro apamwamba amene Aafirika ankafuna, ndipo dandaulolo linali lomveka. Koma ganizo lake lakuti mphunzitsi athandizidwe lidakali loona.

Inu simudzalemba malamulo a maphunziro chaka chanu choyamba. Mudzafika pa sukulu nkupeza mwambo wake utakhazikika kale. Mwina mudzapeza aphunzitsi amene amafunsana nzeru poyera, mwina amene aliyense amatseka chitseko chake ndi kubisa zomuvuta. Mayeso mudzawapeza, ndipo sali oipa mwa iwo okha, pakuti makolo ali nao ufulu wodziwa ngati mwana wao akuphunzira. Koma dzifunseni masiku onse: kodi chimene akuluakulu a sukulu ino timachiopa nchiyani, ndipo chimene timachiyamikira nchiyani? Yankho lake mudzalipeza mwa ana. Ngati tikonza makalasi ndi mabuku pokhapo tamva kuti kukubwera alendo, ana adzawerenga pokhapo amva kuti kukubwera mayeso. Ngati tichita manyazi kunena kwa mnzathu kuti phunziro lakuti latikanika, mwana sadzakweza dzanja kunena kuti sanamve.

Ndipo tsiku lina ena mwa inu mudzakhala akulu a sukulu ndi alangizi a aphunzitsi. Pamenepo mudzakumbukire aphunzitsi a ku England aja, amene sanali anthu oipa, koma anapatsidwa mantha nawapereka kwa ana. Polowa m'kalasi la mphunzitsi wamng'ono, dziwani kuti maso a ana onse ali pa inu, ndipo mmene mudzalankhulira naye ndilo phunziro limene iwo adzapita nalo kwao tsiku limenelo.